Manja Odula Mkaka

Varachha, Surat
Lamulungu masana

Achemwali anga a Samju,

Ndagwira mapazi anu muli komweko. Muli bwanji kumudziko? Bondo lija lasiya kutupa kapena mukungolimba mtima monga mwa masiku onse? Alamu a Vallabh chifuwa chawo chili bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Musawalole kulawirira ku thonje opanda mpango m'khosi, akalipe akalipe. Ife kuno tonse tili moyo, ndipo tachuluka ndi mmodzi.

Za mwana munamva kale pa lamya ya kusitolo kwa a Jeram. Koma pa lamya ija munthu sunganene kanthu, a Jeram amaima pompo ngati akuyeza shuga chonsecho khutu lili kwa iwe. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Muyambe mwawerenga nokha musanawapatse alamu.

Achemwali, mwanayu ndi wokongola. Sindikunena chifukwa ndi wathu ayi. Tsitsi lodzaza mutu, lakuda bii. Chibwano ndi cha malemu amayi ndendende, ndi kadzenje kake komwe. Akakwiya amakwinya pamphumi ngati malemu abambo akutsatsa ng'ombe. Inu mukudziwa zaka zimene mlamu wathu Nayna wayenda m'makachisi ndi m'zipatala, anthu akumunena kuseri, mpaka ena kumuuza mwamuna wake Bhupat kuti aone kwina. Lero ndi uyu ali ndi mwana pachifuwa. Ine ndimapezeka ndikuseka ndekha pochapa matewera. Mayi wina wa pansipa anabwera ndi nkhope yachisoni, ati pepani poti ndi wamkazi, Mulungu apatsanso. Ndinamutseka pakamwa ndi switi, ndinati idyani mayi, chisoni chanucho mukalirire kwanu.

Koma ndili ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo wake ndi wa mlongo wanu Bhupat. Ndati wanu dala. Mundimvetsere mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti adokotala anamuletsa Nayna ulendo wokachilira kwawo ku Bhavnagar. Ndiye amayi ake, a Vimla, ndi amene anabwera kuno. Azimayi awiri m'khitchini yoti ukatembenuka wagunda mnzako. Si munthu woipa ayi, amamukonda mwana wawo. Kungoti tiyi wawo amayeza ndi kasupuni ngati mankhwala, ndipo akatha amaoneka ngati madzi otsukira nsalu yofiirira. Ine ndinkangomwa.

Chifikire iwo, maso awo anali pamphumi panga popanda kadontho kofiira ka akazi okwatiwa. Ndinawamva ndi makutu angawa akumuuza Bhupat pakhonde kuti kwawo mkazi wamasiye sakhala kutsogolo pa zinthu zachimwemwe. Ati dzina la mwana atchule wina wokhala ndi mwamuna. Bhupat anangoti tiona amayi, tiona. Amene anayankha ndi Nayna, mimba ili apo. Anati dzina amatchula ndi azakhali a mwana, mlongo wa bambo, ndipo poti achemwali aakulu bondo silikuwalola kukwera basi, atchula ndi alamu a Labhu, kunena ine. Moti dzinalo ndinkatchulira tonse awiri, ine ndi inu.

Ndinayamba kukonzekera mwana asanabadwe. Masala onunkhiritsa tiyi amene ndinabwera nawo anali atatsala a pansi pa chitini, ndiye ndinapita ndekha kumsika. Jinja wouma ndinasankha mmodzimmodzi, wothyoka kuti phwa, osati wofumbwa uja amakukankhira akaona kuti ndiwe wakumudzi. Tsabola wakuda, elachi wobiriwira, makungwa a sinamoni, ndi mizu ya ganthoda. Ganthodayo ndinavutika nayo, mnyamata wa m'sitolo ati zimenezo ndi za agogo, ati tengani paketi iyi yosakaniza kale. Ndinanunkhiza paketiyo, utuchi wokhawokha. Ndinati bwezera pomwe unatenga mwana wanga, ukagulitse kwa odwala chimfine osamva fungo.

Ndinaziyanika padenga, n'kuzikazinga pang'ono pa chiwaya mpaka nyumba yonse inanunkhira kwathu. Vuto linali posinja. Bhupat anagula makina amagetsi operera, amawanyadira ngati galimoto. Makina amenewo amatenthetsa ufa, fungo n'kuthawa, komanso a Vimla anali ataperamo adyo. Tiyi wonunkha adyo, achemwali, ndani angamwe? Mtondo m'nyumba muno mulibe. Ndinakulunga m'nsalu n'kumaphwanya ndi mwala pa sitepe, mpaka a pansi anatuma mwana kudzafunsa ngati tikugwetsa khoma. Anatuluka okhakhala pang'ono, koma anali masala a amayi. Dzanja lodzaza la jinja, la tsabola lopereweza, zinazo monga mukudziwira.

Mwana atabadwa, mawere a Nayna anali ouma. Mwana akulira, iye akulira. Ine mmawa ndi madzulo ndinkamuwiritsira mkaka wa njati yoweta ndi ganthoda, jinja wouma ndi mafuta a mkaka pang'ono, monga amayi ankakuchitirani inu pa mwana wanu Mansukh. Ankamwa atatsinzina chifukwa cha kuwawa kwake. Sipanatenge nthawi, mkaka unabwera mpaka kunyowetsa bulawuzi. Zimenezi muzisunge, tizipezanso kutsogoloku.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, la dzina, nyumba inadzaza. Nsapato pakhomo mulu. Anzake a Bhupat osalaza nawo dayamondi, akazi awo, a nyumba zoyandikana, ansembe. Anabweranso abwana ake enieni, mwini fakitale, ndipo Bhupat anawapatsa mpando umodzi wokha umene tili nawo, iye n'kumazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Sari yatsopano, nsalu yoti azakhali avale, inali pa kabati, yamtundu wa phulusa, yamkombero wasiliva, Nayna anandisankhira yekha. Tinagwirizana kuti anthu ayambe amwa tiyi, kenako dzina.

Ndinabwereka poto wamkulu. Mkaka unali wa mmawa womwewo, a Vimla anaulawa okha. Ndinauthira m'poto ndi madzi ake, moto wochepa, kuti ukayamba kufunda ndithire masamba, shuga ndi masala. Ndinkafuna uwire ukwere katatu, ndiziutunga ndi chikho n'kumautsanulira m'mwamba mpaka ufiire bwino, abwanawo akanene kwawo kuti anamwa tiyi. Ndili pomwepo a Vimla anandiitana, ati timbale tomwera tachepa, kabwerekeni kwa Urmila. Urmila ndi wa khomo loyang'anana nalo, uja amamumanga Bhupat ulusi pamkono chaka ndi chaka n'kumadzitcha mlongo wake. Ndinapita. Sindinakhalitse, kungowerenga timbale n'kubwerera.

Pobwera ndinapeza mkaka waduka. Madzi achikasu paokha, tizibuma toyera paokha, poto yense. Chibadwire ine mkaka sunandidukepo pamoto, ngakhale m'chilimwe.

Ndisanaphimbe n'komwe, a Vimla anali kumbuyo kwanga. Sanakuwe ayi, bola akanakuwa. Anangoika dzanja pakamwa n'kunena motsitsa, koma motsitsa moti azimayi onse amve. Ati ndinanena ine. Ati mkaka wa mmawa uno kuduka tsiku ngati lino, m'manja mwa ndani? Ati ine sindikuda munthu, koma mwana tamudikira zaka zonsezi, sitingamuyambitse moyo ndi chizindikiro chotere. Mawu anayenda m'nyumba monse ngati utsi. Azimayi amene ankandiyamikira fungo la masala anayamba kukokera ana awo kumbali. Ansembe anakanda m'mutu, ati palibe chovuta, dzina likhoza kudikira tsiku lakhumi ndi chiwiri, ati pakadali pano banja likambirane. Anatuma munthu kukagula tiyi wa pamsewu m'ketulo. M'nyumba mmene ine ndili, alendo kumwa tiyi wogula.

Ndinatenga poto uja kukataya. Pokhuthula ndinadutsitsa pa sefa kuti zibuma zisatseke paipi. Mukudziwa chimene ndinapeza pa sefapo? Timaulusi ta jinja wamuwisi, wopala kumene, wodzaza chikhatho. Kuseri kwa chitini cha ufa kunali kachitsulo kopalira, kakadali konyowa. Ine jinja wamuwisi sindinagule. Ndipo palibe mzimayi, kaya wakumudzi kaya wam'tauni, amene angaponye jinja wamuwisi mumkaka wongofunda usanawire, poti amaudula. A Vimla omwe sangachite zimenezo.

Ndinatuluka ndi sefa m'manja. Ndinayang'ana m'chipinda chochezera. Bhupat anali ataima pambali pa mpando wa abwana ake, manja onse awiri kumbuyo. Maso athu anakumana, iye anayang'ana pansi. Nkhope ija ndikuidziwa, ndi yomwe ija anabwera nayo tsiku limene anasiya njati ikudya mapira a eni. Mwana amene ndinamunyamula m'chiuno mpaka chiuno kupendekeka. Anamva zonse zimene apongozi ake ananena, anaona azimayi akundithawa, pakamwa pake tsekee.

Ndikanakweza sefa ija pamaso pa anthu. Dzanja linkafuna. Koma abwana ake anali pompo, apongozi ake pompo, anzake onse. Ndinabwerera kukhitchini, ndinakhuthulira timaulusi tija pa kambale n'kuika pamwamba pa shelefu. Ndinati alankhula yekha anthu akapita. Anthu anapita. Sanalankhule.

Mawa lake ndinamuphikira tiyi wake monga mwa masiku onse, wabwinobwino, chifukwa tiyi sanalakwe. Pambali pa kapu ndinaika kambale ka timaulusi kaja. Anamwa akuyang'ana khoma. Mkuja chimodzimodzi, timaulusi tayamba kuuma. A Vimla anafunsa kuti kodi zinyalalazi n'zachiyani, ndinati ndi mankhwala a mkamwini wanu, amathandiza kutsegula pakamwa.

Tsiku lina a Vimla atapita kukachisi, anabwera kukhitchini n'kutseka chitseko. Ati achemwali, mundimvetse. Ati ntchito ikuvuta, miyala yachepa, abwana akuchotsa anthu. Ati abwanawo amakonda tiyi wa jinja wamuwisi ngati wa pageti la fakitale, ndiye ndinkafuna akondwe, ndinangoti ndiwonjezere pang'ono. Ndinati pang'ono pake chikhatho chonse? Ndinati nanga pakamwa unalibe? Ukanandiuza ndikanamuwiritsa m'madzi kaye payekha, mkaka pambuyo, palibe chikanaduka. Ati mukanakana, mukanati masala a amayi sasakanizidwa ndi za pamsewu. Apo pokha sananame, achemwali, ndikanakanadi. Koma ndikanawaphikira abwana akewo kapu yawoyawo m'kapoto kena, vuto linali pati?

Ndinati chabwino, zachitika. Kawauze apongozi ako. Anayamba kupotokola chala. Ati mukudziwa mmene alili, akandiona bwanji, nkhani ikafika ku Bhavnagar konse kuti mkamwini amalowa m'khitchini kukaba mapoto. Ati tidikire mwambo udutse, ndidzawauza bwinobwino. Ati agwirizana kale kuti atchule Urmila, nayenso ndi mlongo wanga wa ulusi. Kenako ananena mawu amene mpaka pano akundiwotcha. Ati achemwali, dzina ndi dzina basi, atchule uyu atchule uyo, mwana ndi yemweyo.

Ndinati bwereza. Sanabwereze. Ndinati iwe Bhupat, chimwalirire alamu ako ndakhala kumbuyo pa maukwati onse. Mkwatibwi akamalowa ndimapita kukatsuka mbale kuti asandione poyamba. Sindinadandaulepo. Chinthu chimodzi chokha chimene mkazi wamasiye salandidwa ndi uzakhali, chifukwa umenewo sunabwere ndi mwamuna, ndinabadwa nawo. Ndiye iwe ukuugulitsa chifukwa cha manyazi a jinja? Anangoti mukukuza nkhani, n'kutenga chakudya chake kupita kuntchito.

Ndinalongedza chikwama tsiku lomwelo. Ndinafunsa za basi ya kwathu ku Amreli. Ndinati sindikhala pano kuonerera mkazi wa khomo lina akutchula mwana wa m'nyumba ya abambo anga, ine nditabisala kukhitchini ngati mphaka wakuba. Ndipo ndikanapita, achemwali, pakhomo pano sindikanapondanso. Madzulo ndikumupatsa Nayna mkaka wake wa ganthoda, anaona chikwama. Anandigwira dzanja, ati alamu, masulani. Ndinati mwana wanga, iwe samala thupi lako, izi zisiye. Ati masulani chikwamacho, mukachoka mkaka wangawu andiwiritsira ndani, amayi? Tinaseka pang'ono tonse. Ndinakhala chifukwa cha iye, koma chikwama sindinamasule.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri anthu anabweranso, ena amene sanabwere poyamba anabwera, poti nkhani inali itamveka. Abwana okha sanabwere. Urmila analowa ndi kadontho pamphumi kakakulu ngati ndalama yachitsulo, zibangili mpaka m'zigongono, maso ali pa sari ya pa kabati. Ansembe anali atanena kuti mwana wabadwira pa chilembo cha K, dzina liyambe ndi chimenecho, ndiye iye anabwera ndi dzina lake la pa wailesi yakanema, ati Kinjal. Tiyi anaphika a Vimla. Ine ndinakhala pakhomo la khitchini, pansi.

Anayala nsalu, ana anayi anagwira m'makona kuti amugoneke mwana ndi kumuyendetsa uku ndi uku pomutchula. A Vimla anapita pabedi kukatenga mwana. Nayna sanamupereke. Ati tabweretsa, nthawi ikutha. Nayna anangomufungata. Mukumudziwa Nayna, munthu woti mawu ake umachita kutchera khutu. Tsiku limenelo anamveka mpaka pamasitepe.

Anati amayi, mwanayu atabadwa munaona nokha kuti ndinalibe dontho. Munali pompa akulira. Amene ankandiwiritsira mkaka mmawa ndi madzulo mpaka mawere awa kudzaza ndi ndani? Manja amene mukuti amadula mkaka ndi omwewo abweretsa mkaka umene mdzukulu wanu akuyamwa. Wakhala akumwa za manja amenewo chibadwire. Ngati ndi tsoka, lili kale m'mimba mwake, ndipo taonani mmene likumunenepetsera.

A Vimla anati mwana iwe, ukuyankhula ndi mayi ako. Nayna anati ndikudziwa amayi, mundikhululukire, sindinathe. Kenako anatembenukira kwa mwamuna wake. Poti mkazi satchula dzina la mwamuna wake, anangoti inu bambo a mwana. Ati galasi la pa kabati iyi limaonetsa kukhitchini, ine pabedi pano ndimaona mpaka pa sitovu. Ati ndakhala chete masiku onsewa kudikira kuti munene nokha. Ati munena, kapena ndinene ndine?

Achemwali, mukanamuona mlongo wanu. Thukuta m'nyengo yozizira. Anayang'ana kukhomo, kukhomo kuli anthu. Anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana zikhadabo zanga. Ndiye anayamba monong'ona. Ati ndinathiramo jinja. Mkulu wina wogontha kumbuyo anati wati chiyani? Anachita kubwereza mokweza. Ati ndinathira jinja wamuwisi mumkaka achemwali atatuluka, ndimafuna kusangalatsa abwana.

A Vimla anatsegula pakamwa. Ati wamuwisi? Mumkaka wosawira? Ati ngakhale kamtsikana kongoyamba kugwira poto, kenako anakumbuka kuti akuyankhula ndi mkamwini, munthu woti sakalipiridwa. Mawu otsalawo anawameza, anatupa nawo nkhope ngati chapati pamoto. Mzimayi wina anayamba kuseka m'nsalu, mnzake n'kulandira, mpaka anzake a kufakitale anagwira m'mimba. Ine sindinaseke.

Pepani sanandiuze a Vimla, ndipo sindikumudikira. Chimene anachita, anapita pa kabati, anatenga sari ija n'kudzaiika m'manja mwanga, maso ali kumbali. Ati dzukani azakhali, mwana akudikira. Urmila anagwedeza zibangili zake, ati ine ndimangothandiza, anachita kundipempha. Ndinati zikomo mlongo wa ulusi, gwirani kona iyo, kamwanako kachepa mphamvu. Anagwira.

Anamugoneka m'nsalu, akumuyendetsa, azimayi akuimba. Ndinagwada. Achemwali, ndinakuonani inu, ndinawaona amayi, maso anadzaza moti nkhope ya mwana inasungunuka. Ndinamunong'oneza m'khutu kaye, kenako ndinanena kwa onse. Ndinati dzina lake ndi Kesar.

Ena anakwinya mphuno, ati dzina lakumudzi, la agogo. Ndinati eya, ndi lakumudzi ngati atate ake. Ndinati kesar ndi timaulusi tofiira tija timaika mumkaka tsiku lachikondwerero. Nato ndi timaulusi, koma tikalowa mumkaka sitiudula, timangousandutsa golide. Sindinayang'ane munthu ponena zimenezi. Nyumba yonse ndi imene inamuyang'ana Bhupat.

Pambuyo pake a Vimla anabwera kukhitchini, ati tiyi wanga uja wazizira, anthu sanamwe bwino, kaya mungaikepo wina. Ndinaikapo. Unakwera katatu, unafiira, fungo mpaka pansi. Anamwa timbale tiwiri ataimirira. Ati tsabola wachuluka. Ndinati eya. Anathiranso kachitatu.

Panopa ana a pamasitepe akumutchula Bhupat kuti a Jinja. Nkhani inafika kufakitale, abwana ake akuti anaseka mpaka kutsokomola, nawonso akumuitana choncho. Ntchito ikadalipo. Moti chimene ankaopa chija chamupeza ndithu, ndipo sanafe nacho. Akanalankhula tsiku loyamba akanasekedwa tsiku limodzi.

Anabwera kudzandigwira mapazi anthu atapita. Ndinamusiya awerame kaye, ndinali ndikupukuta makapu. Msana utayamba kumupweteka ndinamuika dzanja pamutu, poti ndi mwana wa amayi. Koma musaganize kuti zatha. Jinja ndamukhululukira, aliyense amalakwitsa poto. Chimene sindinamukhululukire ndi manja aja kumbuyo, ndi mawu aja akuti dzina ndi dzina basi. Akamanyamula mwana n'kumati Kesar, Kesar wanga, ndimamufunsa kuti bwanji osangoti Kinjal, si mwana ndi yemweyo? Amangoti achemwali inunso.

Tsopano pempho langa, ndi limodzi koma lili ndi miyendo iwiri. Mukukumbuka amayi ankati masala awo ndi a ana aakazi, asapite kwa akazi obwera, chifukwa cha mkangano wawo uja ndi azakhali a ku Savarkundla. Tinasunga. Nayna wakhala nafe zaka zonsezi, akafunsa ndinkangoti ndi dzanja chabe mlamu, n'kumupatsa chitini chosinja kale. Koma inu muli ndi anyamata okhaokha, ine ndilibe wanga. Tikapita ife apita nafe. Ndipo mkazi amene anatsutsa mayi ake omubereka pamaso pa anthu chifukwa cha ine, sindingamutchenso wobwera. Ndikupempha mundilole ndimuphunzitse, dzanja lake m'dzanja langa, kuti iye adzaphunzitse Kesar. Ndinu aakulu, popanda mawu anu sindichita. Koma ganizani msanga, chitini chayamba kuoneka pansi.

Mukavomera, mwendo wachiwiri ndi kamtondo kachitsulo ka amayi ndi munsi wake. Kali kuseri kwa nkhokwe ya mapira, mukapukute dzimbiri ndi mafuta. Musatumize pa basi ndi munthu wina ayi. Bhupat abwera yekha kudzatenga fakitale ikatseka, ndamuuza kale. Adzakanyamule pamwendo ulendo wonse, adzakakweze yekha masitepe onsewa, ndipo tsabola woyamba adzasinja ndi iye, ayetsemule mpaka adziwe kuti tiyi amachokera kuti. Akafika kumeneko musamukalipire kwambiri pamaso pa alamu, koma pang'ono pokha mumukalipire. Muthiremonso ganthoda wa kwa a Jeram, wakuno ndi wofooka.

Mundiperekere moni kwa alamu a Vallabh, muwauze kuti ndawagwira mapazi. Kwa Mansukh ndi mkazi wake, ndi kwa mwana wanu winayo Dilip, muwauze kuti ali ndi mlongo ku Surat wowamanga ulusi weniweni. Kwa amalume a Ravji ndi azakhali, ndi kwa a Jeram, muwauze dzina la mwana okha asavutike kutchera khutu. Nayna akuti wagwira mapazi anu. A Vimla abwerera kwawo sabata yamawa, andipempha masala pang'ono m'kabotolo, ati ndi a amuna awo. Kesar wagona, chibwano cha amayi chili m'mwamba.

Ndilekeze pano. Mkaka uli pamoto, ndipo ndamva mapazi a Bhupat pamasitepe.

Ndine mng'ono wanu,
Labhu, azakhali ake a Kesar